Phazi Lakumanzere

Gulu: Banja la pa Butchala

LACHINAYI

Jeti 09:12
ndatera. wa immigration waona passport yodzadza ngati basi ya pa month end, akuti ndinu pilot? ndati ayi, ndine munthu amene chingwe sichinamukanepo chibadwire

Jeti 09:13
achimwene mukumva? loweruka chikho ndi changa, muzidzamweramo tiyi

Nesi 09:30
kkkk ankolo mwayamba. mpikisano wake ndi wotani kodi, mukabayana?

Jeti 09:34
ayi mwana wanga, munthu sitimukhudza. timadula zinthu, ma judge nkumaona kadulidwe. mpeni waufupi, usapose chikhatho ndi theka. poyamba mabotolo a madzi pa mzere, kenako mphasa yokulunga yogona mmadzi, pomaliza chingwe cholendewera chonenepa ngati mkono wako. kudula kamodzi basi, palibe sorry

Jeti 09:35
ndi chikwanje aliyense ndi dolo. mpeni waufupi ndi umene umaulula munthu

Nesi 09:41
munaziphunzira mmaiko mwanu momwemo?

Jeti 09:44
funsa bambo ako. ndisanakhale ndi ma truck ndinali wotsuka mbedza mu butchala yawo. nyama sankandilola kuigwira. ankapachika chingwe pa mbedza, amvekere dula ichi kaye, ng'ombe si yophunzirira

Jeti 09:45
si choncho achimwene?

Jeti 11:50
achimwene

Nesi 12:05
awerenga. ali pa khonde, foni ili pa mwendo

Jeti 12:09
chichitikire sitiroko ija sindinamve mawu awo. ndikaimba sayankha. ndinabwera ndi wheelchair ya batire, anangondiyang'ana ngati ndabwera kudzawerenga mita ya madzi

Nesi 12:16
wheelchair safuna, akuyenda okha ndi ndodo. a physio akuti lilime lili bho koma akapitiriza kukhala chete lizolowera. mawu amatuluka mokoka ndiye amachita manyazi. nane amangondilozera ndi chala. inde adad, ndikunena inu

LACHISANU

Jeti 10:20
[video 0:14]
practice. zingwe zitatu, phaa phaa phaa. taonani chidutswa chakugwacho, chosalala ngati soseji

Jeti 10:22
pali dokotala wa mano wina kuno, mikono ngati matayala a truck yanga, mpeni wa mtengo wa fridge. amatema ngati akuwaza nkhuni, chingwe chimangovina nkubwerera. ndamuuza kuti bwana, mpeni waufupi satemera, amakoka ukamalowa. wandipatsa business card

Nesi 10:58
ndawaonetsa pa laptop. aonera katatu

Jeti 10:58
ndiye?

Nesi 11:01
anangogwedeza mutu nkutseka laptop

Jeti 11:15
[voice note 0:48]
achimwene, holo ya kuno ndi yokongola, magetsi mbee, pansi mpira wofewa, anthu amaomba mmanja mwaulemu ngati mu tchalitchi. koma mulibe fungo la utuchi. mukukumbuka mmene tinkawazira utuchi pansi mmawa, ka wailesi kaja kopanda chotsekera mabatire kali pa shelefu? ine ndadya mmahotela a nsanjika zosawerengeka, koma ndikanyamula mpeni ndimadikirabe wina akuwe kumbuyo kwanga kuti iwe, ukufuna kudzipha? kuno palibe wokuwa

Jeti 14:30
mwaimva?

Nesi 14:52
aimva. alowa kuchipinda

Jeti 15:03
munthu ameneyu sanandiyamikepo chibadwire. nditagula truck yoyamba anangoti tayala lakumbuyo lachepa mpweya. pakamwa pawo pamatsegulidwa ndi zolakwa basi

Nesi 15:05
kkkk zoona. pa graduation yanga anati kapu yapendama

LOWERUKA

Jeti 09:40
mabotolo: asanu ndi limodzi kamodzi, matako ake atsala chiimire pa tebulo, madzi ali momwemo. ine number 1

Jeti 11:25
mphasa: yadutsa ngati buledi. number 1 ndithu. wa mano ali wachiwiri, akutuluka thukuta

Nesi 11:31
eish ankolo muli serious eti. ndili off lero, adad ndawakhazika pa sofa

Jeti 11:33
chatsala chingwe. ndikangodula ndatenga. ndapempha mnzanga ajambule thupi lonse mpaka mapazi. nesi, uwaonetse pa laptop, osati pa foni

Jeti 13:10
[video 0:19]

Nesi 13:14
ankolo chachitika nchani?? chingwe sichinaduke, mpeni wadutsa pafupi ndi bondo lanu. mwavulala?

Jeti 13:15
thalauza yokha. ndatsika, number 4. chikho chapita kwa wa mano

Nesi 13:16
pepani. dzulo munkadula zitatu

Jeti 13:16
zimachitika. aonera?

Nesi 13:20
akuonera. aimitsa pa mapazi, akuza chithunzi

Jeti 13:21
ndiye?

Jeti 13:40
nesi

Jeti 14:15
ndili pa benchi panja pa holo. akupereka chikho mkatimo, ndikumva mmanja

Jeti 14:50
basi. mwina ndinaganiza molakwa

Nesi 15:02
dikirani. azula foni yawo pa charger, andithamangitsa mu sitting room, atseka chitseko. ndikuwamva akuyamba nkusiya, akuyamba nkusiya

Jeti 15:03
usalowe. plz usalowe

Achimwene 15:37
[voice note 1:52]
iwe... mphwanga. phazi. ndani... ndani anakuphunzitsa kutsogoza phazi la... lakumanzere, mpeni uli kumanja? mpeni ukutsikira komweko. ukufuna kudula chingwe kapena... mwendo? chigongono mmwamba ngati nkhuku yo... yomwa madzi. ndipo watema. watema iwe, ngati wa manoyo. mbama zitatu. imodzi ya phazi. ina ya chigongono. yachitatu... yachitatu ya bodza. dzulo unaima bwino. wandiyesa mwana? kutaya chikho chifukwa cha nkhalamba yo... yolankhula ngati yaledzera. chitsiru. dzanja lakumanzere likugwirabe ntchito. bwera udzalandire

Nesi 15:40
ankolo munachita dala??

Nesi 15:41
ankolo

Nesi 15:55
ma tick a blue ndikuwaona. mwayamba kukhala chete inuyo tsopano?

Jeti 16:08
ndaimvera kasanu. wa security wandipatsa tissue, akuti bwana musadandaule, chaka chamawa mudzawina

Jeti 16:09
achimwene, ziwiri ndavomera. koma ya chigongono ndikuchita appeal, sichinakwere kwambiri

Achimwene 16:14
[voice note 0:05]
chinakwera. zinayi tsopano

Nesi 16:15
kkkkk ndafa. andiitana ndi dzina, akuti ndiwafunire mwala wonolera mu store room

Jeti 16:21
ndasintha tikiti, nditera mawa masana. mpeni ndaukhutiza pa simenti ya panja pano mpaka wabuntha, apeze chonena. mundisungire mpando pa khonde, mbali ya dzanja lakumanzere