Jombo Zabwera Zokha

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi akunyumba. Kuno mwana ali bwino, wayamba kuyenda.

Alamu, boti la achimwene anu linabwera Lolemba koma iwo sanatsike. Mnzawo wa kuntchito anangondipatsa jombo zawo, akuti anatsalira kudoko la kwanuko, abwera. Polankhula sanandiyang'ane kumaso.

Achimwene anu mukuwadziwa. Jombo zimenezi sabwereketsa ngakhale kwa inuyo. Angatsale bwanji kutali chonchi opanda jombo?

Ndazitsuka mmene amachitira eni ake. Ndachotsa matope ndi mamba a nsomba ndi kamswachi kakale, ndaika mapepala mkati, ndaziumitsa pamthunzi poti amati dzuwa limang'amba chikopa. Phula ndapaka ndi chala m'misoko monse kuti madzi asalowe. Kale ndinkawanena kuti amasisita jombo kuposa mkazi wawo, iwo n'kumaseka. Lero ndapaka kawiri. Mwana akaziona pakhomo amakuwa kuti "Ababa!" n'kusuzumira panja.

Chonde pitani mawa lomwe. Mukafunse kudoko kaye, kenako kumene amagona asodzi. Kuchipatala mupiteko pomaliza, ndipo zakumeneko musandilembere, mudzabwere nokha.

Ndine mlamu wanu,
Make mwana