Za Shedi ya Njinga ndi Umboni wa Mayi a Simbi

KOMITI YOONA ZA UMOYO WA ANTCHITO PA FAKITALE YOSOKA ZOVALA
Zolembedwa za msonkhano wapadera

Tsiku: Lachinayi, 14 Malichi
Malo: Chipinda chodyera antchito

Opezekapo: Wapampando (kapitawo wa odula nsalu), Mkulu Woona za Antchito, Namwino, Dalaivala wa lole, Mkulu wa Alonda, Mlembi
Oitanidwa: Mayi a Simbi (a gawo losita zovala)
Opepesa: Msungichuma (mwana wawo ali m'chipatala)

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo anati nkhani inali imodzi yokha: ganizo la Mkulu Woona za Antchito loti shedi ya njinga itsekedwe, ndipo antchito aletsedwe kubwera pa njinga.

2. CHIYAMBI CHA NKHANI

2.1 Namwino anakumbutsa komiti kuti chaka chatha mtsikana wa gawo losoka mabatani, amene aliyense amangomutchula kuti Mabatani, anagundidwa ndi minibasi pa mphambano ya pafupi ndi geti. Anali yekha pa njinga. Anathyoka mwendo ndipo anakhala nthawi yaitali ali m'chikhakha.

2.2 Mkulu wa Alonda anati ngoziyo itachitika ambiri anaimika njinga zawo kunyumba, shedi inachita kumera udzu. Koma miyezi yapitayi njinga zabwerera mochuluka kuposa kale, moti zina zikutsamira pampanda, ndipo eni ake akumayenda pamodzi m'gulu.

3. MAGANIZO A MAMEMBALA

3.1 Mkulu Woona za Antchito anati nkhaniyi ndi ya masamu wamba: njinga zikachuluka, ngozi nazo zichuluka. Anati iwo ndi amene anapita kukauza amayi ake a Mabatani za ngoziyo, ndipo safuna kudzaimanso pakhomo la munthu wina ndi uthenga wotere. 

3.2 Dalaivala anatsutsa. Anati wanjinga mmodzi amabisika kuseri kwa galasi la lole ngati ntchentche, koma akakhala gulu phazi limapita lokha pa buleki. Anati nawonso madalaivala a minibasi azolowera, tsopano akafika pa mphambanoyo amayamba ayang'ana kumanzere.

3.3 Mkulu Woona za Antchito anafunsa ngati fakitale iziyendetsedwa ndi phazi la Dalaivala. Dalaivala anayankha kuti phazilo lakhala likunyamula katundu wa fakitale kuyambira Mkuluyo ali pasukulu. Wapampando anapempha onse awiri kuti azilankhula kudzera kumpando.

3.4 Namwino anati chiyambireni gululo kuyenda pamodzi, sanalandire aliyense wogundidwa ndi galimoto. Anachenjeza kuti miyezi yochepa si umboni wokwanira, ndipo komiti isadzitame msanga. Anaonjezera kuti mabala a m'mawondo ndi m'zigongono achuluka, koma ambiri mwa iwo ndi a munthu mmodzi. Mamembala onse anayang'ana Mayi a Simbi.

3.5 Mkulu wa Alonda anadandaula kuti ena m'gululo amayenda atatu atatu moyandikana cham'mbali, nkhani zili pakamwa ngati ali pachitsime. Anati kuchuluka kusawapusitse.

4. UMBONI WA MAYI A SIMBI

4.1 Wapampando anafotokoza kuti Mayi a Simbi ndi azakhali ake a Mabatani, kuti atsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndiponso kuti gulu la njingali linayamba ndi iwo. Anawapempha kuti alankhule atakhala pansi. Mayiwo anakana, anati anazolowera kuimirira.

4.2 Mayi a Simbi anati Mabatani atachira ankaopa ngakhale kugwira chiwongolero. Anayamba kubwera wapansi, ndipo ankafika mwendo utatupa, nsapato ili m'manja. Iwo anamuuza kuti akwerenso njinga. Mtsikanayo anayankha kuti, "Azakhali, mukunena zimenezo chifukwa simunakwerepo. Pamsewu paja munthu umakhala wekhawekha."

4.3 Mayiwo anavomera kuti chibadwire anali asanakwerepo njinga. Anabwereka ya mlamu wawo n'kuyamba kuphunzira kuseri kwa nyumba yosungira nsalu nthawi ya nkhomaliro. Mkulu wa Alonda anachitira umboni kuti anawadzutsa kangapo m'ngalande, ndipo tsiku lina anawapeza atalowa ndi njinga yomwe mu mulu wa zidutswa za nsalu. Atawafunsa ngati avulala, iwo anangoti, "Achimwene, gwirani kumbuyoku, belu lisanalire."

4.4 Mayi a Simbi anati atadziwa kupalasa anapita m'mawa kunyumba kwa Mabatani n'kuliza belu la njinga pakhomo. Anamuuza kuti, "Kali kokha n'kanyama, mwana wanga. Lero tili awiri. Ine ndikhala mbali ya magalimoto." Mtsikanayo analira, kenako anatulutsa njinga yake. Anati tsikulo anachedwa ku ntchito chifukwa anatsika pa mphambano n'kuwoloka akukankha.

4.5 Anati amayi awiri osoka makolala amene anali ataimika njinga zawo atawaona anachita manyazi, n'kuyamba kuwadikira ndi njinga pa sitolo ya matayala. Kenako anabwera anyamata opakira katundu, kenako ena amene sagwira n'komwe ntchito pano.

4.6 Mkulu Woona za Antchito anawafunsa ngati angalonjeze kuti sipadzachitikanso ngozi. Mayi a Simbi anati sangalonjeze, pakuti msewu si wawo. Anati, "Bwana, mantha anuwo ndi anganso. Koma mukatseka shedi, amene ali ndi njira ina asiya. Atsala ndi okhawo amene alibe pogwira, ndipo azikabisa njinga kwa anzawo n'kumayenda mmodzimmodzi ngati kale. Woyenda yekhayo ndiye mudzakanene za ngozi yake kwa amayi ake."

4.7 Wapampando anapempha mamembala kuti avote.

5. ZOGWIRIZANA

Ganizo lotseka shedi linakanidwa. Mkulu Woona za Antchito sanavote, koma anapempha kuti zilembedwe kuti nkhawa yawo ikadalipo. Komiti inagwirizana kuti:

(a) okwera njinga aziyenda motsatana, osapitirira awiri cham'mbali;
(b) odula nsalu asoke malamba owala kuchokera ku zidutswa zotsala;
(c) Mkulu Woona za Antchito alembere akuluakulu a misewu za mphambanoyo;
(d) Namwino adzapereke lipoti pakutha kwa chaka, labwino kaya loipa.

Wapampando anathokoza Mayi a Simbi m'malo mwa komiti. Mamembala anaimirira ndi kuomba m'manja, ngakhale izi sizili m'malamulo a komiti.

6. ZINA NDI ZINA

Nkhani ina iliyonse isanaperekedwe, Mabatani anagogoda pakhomo. Anapepesa ndipo anati gulu lonse lili pa geti, silinyamuka popanda azakhali. Anaonjezera kuti kuyambira lero wotsogolera gulu pa mphambano ndi iye, azakhali azikhala kumbuyo. Wapampando anafunsa Mayi a Simbi ngati akuvomereza kutsitsidwa udindo. Mayiwo anati, "Ndimadikira zomwezi. Kumbuyo n'kwabwino, ndikagwa palibe wondiponda." Anatenga chikwama chawo n'kutuluka, mtsikanayo ali patsogolo.

7. KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzachitika Lachinayi loyamba la mwezi wa Epulo m'chipinda chomwechi. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 5 koloko madzulo.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________