Masuku Asanathe

Lolemba, 8 Disembala 2025

Iwe amene watsegula kope langali, kaya ndiwe mlongo wanga Hopewell kaya ndiwe ndani, ndiyankhe kaye usanapitirire. Unayamba wawapempha mayi ako kasanu n'kanayi kuti uwaperekeze kwawo, iwo n'kukana konseko? Ngati sunayambe, tseka, ubweze pansi pa sutikesi pomwe walipeza. Ngati ukuwerengabe, usandiseke zilembo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, zotsalazo ndinaphunzira ndekha pa matikiti a sikelo. Ndimalemba momwe ndimayankhulira.

Lero a Bryson, akalaliki a ku ofesi ya esiteti, agawa mafomu a tchuthi cha chaka chamawa. Aliyense alembe mwezi womwe akufuna, tsiku lomaliza Lachisanu la sabata yamawa. Lamulo ndi lomwe lija: Disembala mpaka Epulo palibe tchuthi, tiyi ali pa ukali. Ine kapitawo wa azimayi 42 othyola tiyi, lamulolo ndimalidziwa kuposa amene analilemba. Ndalemba Julaye ngati chaka chilichonse, ndabweza pomwepo.

Nditaweruka ndawauza amayi. Ndati Julaye tipite kwanu ku Mozambiki, kuseri kwa phiri la Thumbini, mukaone manda a Marcia. Marcia ndi mng'ono wanga, anatsala kumeneko pothawa nkhondo mu 1986, n'kumwalira komweko. Amayi chiwolokereni Muloza chaka chimenecho sanapondekonso, ngakhale pa msika wa Milanje.

Ayankha akusenda chinangwa, osadzutsa mutu: "Si nthawi yake."

Kakhumi tsopano. Ndamenyetsa chitseko.

Lachiwiri, 9 Disembala

Mvula kuyambira m'mawa. Phiri lathu lakuno silinaoneke tsiku lonse.

Hopewell watumiza mndandanda pa foni. Akuti mapulani a banja a 2026. Isitala ku Mangochi, hotela ya dziwe losambira. Juni ku Liwonde kukaona njovu. Ogasiti pamwamba pa phiri la Zomba kukadya mabulosi. Pansi pake walemba kuti, "Amayi aoneko dziko, asisi, avutika nthawi yaitali." Zithunzi khumi ndi ziwiri, data yanga yathera pomwepo.

Mwana wa ku Blantyre. Anabadwira mu kampu ya othawa nkhondo, lero akufuna kuonetsa amayi njovu. Amayi anagonapo m'tchire masiku asanu ndi anayi, nyama anaziona zokwanira.

Pa sikelo azimayi amakamba za mafomu omwewo. Janeti akuti tchuthi chake chili m'munda wa nandolo, hotela yake ndi pansi pa mtengo wa mapeyala. Millie akuti azungu amakwera ndege kudzaona phiri lomwe ife timaliona potaya madzi otsukira mbale. Onse kuseka. Kenako Millie yemweyo: "Nanga akapitawo, ku Mozambiki komwe kuja?" Kusekanso. Ndawauza ayang'ane madengu awo, masamba okalamba achuluka.

Lachinayi, 11 Disembala

Miyendo ya amayi yatupa mpaka m'maondo. Ndapempha theka la tsiku, ndawakweza pa kabaza wa kuchipatala, ine wanga pambuyo.

Adokotala ndi mnyamata wa ulemu, koma wa mawu ozungulira. Akuti mtima watopa, ukulephera kukankha madzi. Mapiritsi, mchere achepetse, asamanyamule zolemera. Nditawatulutsa amayi panja ndabwereranso ndekha. Ndafunsa mosabisa: afika Julaye? Ayamba zoti zonse zili m'manja mwa Mulungu. Ndati zimenezo ndimamva kutchalitchi, kuno ndabwera kuchipatala. Kenako akuti, "Mayi, ngati pali chomwe akufuna kuchita, musachedwetse."

Bola pamenepo. Munthu azinena chinthu.

Pobwerera tadutsa pa Limbuli. Masuku mbwee m'mabeseni, msika wonse fungo lokhalokha. Amayi atembenuzira nkhope kumbali mpaka tapitirira. Sadya masuku kuyambira ndili mwana. Amati amawatsegula m'mimba. M'nyumba mwathu salowa.

Lachisanu, 12 Disembala

Palibe cholemba. Ndakalipira Rosie wa m'gulu langa popanda chifukwa, dengu lake linali bwinobwino.

Loweruka, 13 Disembala

Hopewell waimba. Ndamuuza za chipatala. Akuti ndiye Mangochi tifulumizitse. Ndati amayi safuna Mangochi. Akuti nanga akufuna kuti, poti kwawoko amakana? Ndati sindikudziwa. Akuti, "Munawafunsapo chifukwa chake, asisi? Kapena mumangomenyetsa zitseko?"

Ndadula foni.

Akubwera mawa.

Lamulungu, 14 Disembala

Ndilemba zonse momwe zachitikira, ngakhale zina zikundichititsa manyazi.

Hopewell wafika titangochoka ku Misa. Watsitsa shuga, buledi, sopo, kenako jumbo yodzadza masuku. Akuti wagula pa Nkando, amayi ogulitsawo anamuzinga pa windo. Waiwala. Zaka zambiri mtauni, munthu waiwala za m'nyumba momwe anakulira. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimukalipire, koma waika jumboyo pamkeka pafupi ndi amayi, yapendekeka, masuku n'kugubuduka mpaka pa miyendo yawo yotupayo.

Amayi atola limodzi. Alifinya pang'ono, lang'ambika. Alinunkhiza. Ndiye ayamba kuyankhula m'Chilomwe, chomwe sayankhula kawirikawiri chimwalirireni bambo. Hopewell samva bwino, ndimamumasulira ine.

Akuti usanafike mwezi wa masuku, mitengo ili ndi tizipatso tobiriwira, asilikali anawotcha mudzi woyandikana nawo. Anthu onse kuthawa. Iwo anali ndi pakati pa Hopewell, miyezi isanu ndi iwiri. Bambo anasenza katundu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinkatha kuyenda ndekha. Marcia anali ndi zinayi, chikuku chitamugwira, thupi lonse moto. Mng'ono wawo wa amayi anati, msiyeni ndi ine, ndibisala naye kuphanga, panjira akafera. Anamusiya.

Zimenezi ndinkazidziwa. Zomwe sindinkadziwa ndi izi. Akuti ponyamuka Marcia anagwira chitenje chawo, n'kufunsa, "Mubwera liti?" Mwana sadziwa miyezi. Ndiye anamulozera msuku womwe unali pakhomo, n'kunena kuti, "Ukaona awo apsa, ayamba kugwa, ine ndafika."

Masuku anapsa, njira zonse zili ndi asilikali. Anapsanso. Anthu obwerera mu 1993 ndi amene anabweretsa uthenga: mwana anachira chikuku, anakhala chaka ndi miyezi, anadzamwalira ndi malungo. Mng'ono wawo anauza anthuwo kuti nyengo ya masuku itakwana, mwanayo ankakhala pansi pa mtengowo tsiku lonse, akutolera m'kambale, osadya, akuti akusungira amayi. Anamuika pafupi ndi mtengo womwewo.

Bambo ali moyo ankaletsa zopitako, ankati kuli mabomba okwirira. Atamwalira ndinayamba ine ndi Julaye wanga.

Ndati, amayi, bwanji osandiuza zaka zonsezi?

Akuti, "Ndinathyola tiyi zaka makumi awiri, Estele. Masuku ndi tiyi zimapsa limodzi. Ndikanakuuza, ukanapita kukatukwana ku ofesi, ntchito n'kutha. Tikanadya chiyani?" Kenako akuti, "Komanso iwe sudikira munthu amalize. Ndikati si nthawi yake, chitseko chalira kale."

Hopewell sanandiyang'ane. Ndamuthokoza mumtima.

Ndati nanga Julaye walakwanji, manda sasuntha. Akuti, "Ndikafike mtengo uli wopanda kanthu, ndikamuuze chiyani? Kuti ndabwera? Ndinamuuza nthawi."

Kenako atolera masuku onse okha, sanalole tiwathandize. Akuti, "A chaka chamawa sindiwaona. Ndikudzimva."

Lolemba, 15 Disembala

Masuku amatha chakumapeto kwa Januwale. Ndafunsa amayi ogulitsa pa Limbuli kuti nditsimikize. Akuti a kumapiri amachedwerako, koma Febuluwale musayembekeze.

Ulendo wake: bodapasi pa Muloza, galimoto mpaka pomwe msewu ukuthera, kenako njinga yamoto, kenako wapansi pang'ono. Ndi miyendo imeneija, masiku awiri kupita, awiri kubwera, awiri kukhala. Sabata yathunthu. H. sangapite nawo yekha, Chilomwe chake ndi cha moni basi, ndipo sangawasambitse.

Ndapita kwa a Bryson. Ndati ndibwezereni fomu yanga, ndinalakwitsa mwezi. Afunsa mwezi wanji. Ndati Januwale. Aseka, akuganiza ndikucheza. Akuti, "Akapitawo, inuyo? Januwale?" Akuti fomu yanga yalowa kale mu kompyuta, ndipo ngakhale ikanapanda kulowa, Januwale kompyutayo siyilola n'komwe. Maliro okha, masiku atatu.

Ndati ndiye amayi anga ayambe amwalira kuti kompyuta yanu isangalale?

Ndanena zinanso. Sindilemba. Amesenjala anachita kubwera pakhomo kudzaona.

A Bryson sanakwiye. Angoti nkhani yotere ndi ya abwana, ndipo abwana ali ku msonkhano mpaka Lachisanu. Potuluka anditsatira, akuti chapansipansi, "Mukachoka nokha popanda chilolezo, ukapitawo umenewo musaupezenso. Mukudziwa." Ndikudziwa.

Lachiwiri, 16 Disembala

Nkhani yafika kale kumunda, amesenjala sasunga mawu.

Millie sanandiyang'ane tsiku lonse. Chaka chatha mwezi ngati uno anandipempha masiku anayi, mwana wake wamkazi amachira ku chipatala cha Thuchila, mimba yoyamba. Ndinamuuza kuti tiyi sadikira mwana wa munthu. Ndinanena choncho ine, pamaso pa gulu lonse, ndikudzimva kuti ndine wonena chilungamo. Lero pa sikelo ndamuitana, ndati Millie, ndinalakwa. Akuti, "Mwadziwa liti, akapitawo?" Ndati dzana. Wasenza dengu lake, wapita. Sindikumunena.

Lachitatu, 17 Disembala

Janeti wabwera kunyumba titaweruka, atatenga nthochi za amayi. Akuti buku la gulu atha kuligwira sabata imodzi, manambala amawadziwa, mizere ya aliyense amaidziwa. Ndati buku langa sindinapatsepo munthu zaka khumi ndi chimodzi. Akuti, "Ndiye vuto lanu limenelo." Akuti azimayi agwirizana kuti sabata imeneyo makilo asatsike, ngakhale Millie wavomera, koma akuti wavomerera agogo, osati ine.

Ndamupatsa mpando, atakhala kale.

Ponyamuka akuti, "Koma Lachisanu kwa abwana musakayankhule. Pakamwa panupo padzawononga zonse. Tumani wina." Ndati ndilibe wotuma. Akuti ndiye lembani kalata. Kalata za ku ofesi sindizitha, zija zoyamba ndi kupepesa.

Amayi amva zonse ali m'chipinda. Akuti ndisiye, ntchito ndi yofunika. Ndadikira amalize. Amaliza. Ndiye ndati ayi.

Lachinayi, 18 Disembala

H. watumiza uthenga waufupi, wopanda zithunzi. Mangochi wafufuta, Liwonde wafufuta. Galimoto ibwera Lamulungu pa 4 Januwale, tinyamuke Lolemba m'mawa. Akufunsa ngati atenge khasu ndi chikwanje zolambulira pamanda. Ndati tenga, ndi kandulo.

Ndapeza amayi atatulutsa chitenje chakale chabuluu pansi pa sutikesi, chong'ambika m'mphepete. Achichapa okha, ayanika. Sindinafunse. Ndachidziwa, ndi chija anagwira Marcia.

Masuku a Hopewell aja ayamba kuwola, ntchentche zadzadza. Ndati nditaye? Akuti taya, kumeneko tikapeza ake. Akuti loyamba akadyera pomwepo.

Miyendo lero yaphwerako pang'ono. Kupuma ndiye kukuvutabe akagona chagada.

Lachisanu, 19 Disembala

Pa benchi ya ku ofesi. Ndafika mabelu asanalire. Buku la gulu ndamusiyira Janeti kuti ayesere lero, manja anga akusowa chogwira. Galimoto ya abwana yalowa. A Bryson akuti ndidikire, andiitana.

Janeti ananena zoona. Ndikalowa ndi pakamwa ndituluka wopanda ntchito komanso wopanda ulendo. Ndiye ndichita chomwe sindinachitepo.

Abwana, kope ili ndi langa, sindinapatsepo munthu. Tsamba loyamba likuti mutseke. Musatseke, ndakutsegulirani ndekha. Werengani pa Lamulungu, pomwe ndapinda. Za a Bryson ndi kompyuta mungadumphe, iwo sanalakwe. Fomu ndinalemba ndine, ndinalakwitsa ndine, zaka khumi zotsatizana.

Tiyi wanu ndamuthyola ndi kumuyang'anira zaka makumi awiri ndi zitatu, sindinajombepo nyengo ya mvula. Mukamuthyola lero, sabata yamawa waphukanso. Amayi anga ali ndi Januwale mmodzi.

Sindikupempha masiku owonjezera. Ndi tchuthi changa chomwe, chili pa mwezi wolakwika. Fufutani Julayeyo. Lembani 5 Januwale, sabata imodzi. Ndili panja pano, sindichoka mpaka mukonze.