Filimu ya Seymour Itsike

Lachiwiri, 10 Januwale

Kutentha. Bondo lakumanzere lidakali ndi makani ake. Malalanje akwera mtengo, mu Florida momwe muno, manyazi alibe.

Masana kalabu ya mafilimu, kuholo ya pansi. Anthu anadzaza, a ndodo kutsogolo, a njinga za olumala m'mbali. Kwabwera mayi watsopano m'nyumba yathu ya okalambayi, ndiye a Wendell, tcheyamani wathu, anapezerapo mwayi wowerenganso malamulo onse mokweza, ngati akadali bwana wa positi ofesi. Mndandanda ndi uja wa m'magazini, mafilimu 100 a dziko lino amene akatswiri anati ndiwo opambana. Imodzi Lachiwiri lililonse, kuyambira kumchira kukwera kumutu. Kuonera ya kutsogolo mobisa n'koletsedwa. Filimu ikatha, apilo: amene akuona kuti akatswiri analakwitsa aimirire, anene, tivote, filimuyo ikwere kapena itsike. Mayi uja anafunsa kuti pa nambala wani tidzafika liti. Gladys, mnzanga wa khomo loyandikana, akuti, "Mayi, imeneyo ife tikaonera kumwamba."

Malamulo onsewa analemba ndi Seymour, nkhalamba inzathu yamakani ya pano. Ndani winanso.

Lero nambala 60. Amuna apakavalo kuwomberana chifukwa cha chitsime. Zipewa zokongola. Basi.

Pa apilo, ine ndi Seymour, monga mwa masiku onse. Iye ndi filimu yake ija ya nyumba, ili pa nambala 3, akuti akatswiri anaibera, inayenera kukhala pamwamba pa zonse. Mkazi wamasiye ndi mlamu wake akusamutsa nyumba yathunthu yamatabwa pa lole kudutsa chipululu. Maola atatu! Yopanda mitundu! Ndinamuuza kuti kamba wa padziwe pano amathamanga kuposa filimu yakeyo. Iye akuti, "Loretta, iwe filimu ikatha popanda ukwati umati makina awonongeka." Anthu kuseka. Inenso ndinaseka, koma chamumtima, asatukumuke.

Khofi anathira pambali pa kapu. Akuti tebulo ndi lopendekeka. Ndinapukuta.

Lachinayi, 12 Januwale

Basi yapano yawonongeka, ndiye Seymour anandipempha kuti ndimuperekeze kwa dokotala wa maso pa galimoto yanga. Akuti kungopimitsa magalasi. Anakhalitsa mkatimo, magazini onse a pamalo odikirira ndinamaliza. Potuluka, nthabwala palibe.

Pobwerera tinaima pa maloboti a pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Ndiye akuti, "Pakati pa diso pakufa. M'mbali ndimaona, koma chimene ndachiyang'ana ndicho chimathawa." Maso onse awiri. Dokotala akuti pofika Pasaka nkhope za anthu zidzakhala utsi wokhawokha. Mankhwala ndi ongochedwetsa.

Ndinapitirira msewu wathu. Iye akuti, "Kodi wakhungu ndi ndani muno?" Chitsiru cha munthu. Ndinafuna kumumenya, ndinafunanso kumukumbatira, ndinangogwiritsa chiwongolero.

Wandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Akudziwa ndi mwana wake wa ku Boston yekha.

Nditafika ndinaima pa mndandanda umene ndinamata pachitseko cha filiji. Nambala 3 ndi chaka chamawa. Chaka chamawa! Chakudya sichinalowe. Ndili ndi chisoni, ndakwiyanso, kaya ndakwiyira ndani.

Lachisanu, 13 Januwale

Seymour ndinamupeza padziwe losambira, chipewa kumaso. Ndinati tikabwereke chimbale cha filimu yake ija kulaibulale, tiionere kuchipinda kwake mawa lomwe lino, nkhani ithe. Abale inu! Ngati ndatukwana amayi ake. "Nyumba imene ija pa kabokosi kanga? Ioneke ngati khola la nkhunda?" Akuti imafuna chinsalu chachikulu, mdima, ndi anthu opuma pambali pako. Holo timapatsidwa Lachiwiri lokha, masiku enawa ndi a masewera a bingo ndi olimbitsa thupi. Komanso lamulo. "Ndinalemba ndekha, ndiswenso ndekha?"

Nkhutukumve. Zaka makumi anayi akugulitsa nsapato ku Brooklyn, kugwadira mapazi a aliyense, lero khosi gwa.

Tsitsi Lolemba, osaiwala. Mankhwala a bondo atsala pang'ono.

Lamlungu, 15 Januwale

Nzeru inandifikira ndili ku Misa, Mulungu andikhululukire, ulaliki unatalika. Ngati tikukwera kuchokera pansi, filimu yoipa ndiyo imaoneka msanga. Ndiye itsike! Lachiwiri likubwerali ndichita apilo: ya nyumba ichoke pa 3 igwere pa 58. Sabata yotsatira tiionere. Lamulo osaswedwa, chinsalu chachikulu, anthu opuma, zonse zimene akufuna mfumuyo. Ndipo angandikayikire ndani? Miyezi yonseyi ndakhala ndikuinyoza poyera.

Ndaphika makeke a mandimu, mathireyi awiri. Batala nayenso wakwera, koma voti siibwera yokha. Khomo ndi khomo, bondo likulira. Chifukwa chenicheni osanena. Gladys anadya atatu, akuti dzanja lake ndi langa. Apachibale awiri aja a zipinda za pamwamba, amene amavota limodzi ngati anawamanga chingwe, akuti iwonso maola atatu chikhodzodzo sichilola. A Wendell anakana, akuti tcheyamani salandira mphatso. Kenako anatenga awiri, akuti ndi a mlendo. Mlendo uti?

Mmene ndaonera, ndapambana kale. Mtima m'malo.

Lachiwiri, 17 Januwale

Asa!

Nambala 59 sindinaione n'komwe, zovinavina zinazake pa sitima yapamadzi. Itangotha ndinaimirira. Ndinalankhula bwino, ndisadzichepetse. Kuti akatswiri amenewa amatamanda filimu yotopetsa poopa kuoneka osaphunzira. Kuti mkazi uja maola atatu onse nkhope ndi imodzi, ngati wamwa mankhwala owawa. Kuti nyumbayo ikadagwera mumtsinje pachiyambi pomwe, tonse tikadapita kukadya nthawi yabwino. M'manja! Wina mpaka kumenyetsa ndodo pansi. Ndinati zatheka.

Ndiye Seymour kuimirira. Pepala analibe. Anakamba za tsiku limene anaiona koyamba ali mnyamata, sabata yomwe banja lawo linachotsedwa m'nyumba imene anabadwiramo kuti padutse msewu waukulu. Amayi ake anangotulukamo ndi mapoto ndi makatani. Akuti, "Ndinakhala mumdima muja n'kuona mkazi akukana kusiya nyumba yake, n'kuinyamula yonse. Imayenda pang'onopang'ono, inde, Loretta. Nyumba ndi yolemera." Apachibale aja misozi mbwembwembwe, makeke anga ali m'mimba.

Voti ya mbali yanga: ine, ndi mayi watsopano uja amene sanamve funso. Ngakhale Gladys, Yudasi! Kenako wina kumbuyo kufuula kuti ikwere pa nambala wani. Manja onse m'mwamba. A Wendell kulemba.

Nambala wani. Yomalizira yeniyeni. Ndaikankhira kutali ndi manja angawa.

Potuluka Seymour anandiweramira mwaulemu ngati wamasewero. Koma anaweramira mpando wa pambali panga.

Lachitatu, 18 Januwale

Sindinatuluke. Foni yalira, ilire.

Loweruka, 21 Januwale

M'mawa kugogoda. Seymour, ndi mabanzi ake olimba aja a bowo pakati. Asanakhale n'komwe akuti, "Makeke a mandimu nyumba yonseyi, ine ndekha osandipatsa. Umayesa kalendala sindiidziwa?" Anadziwa. Kuyambira pamene ndinaimirira paja. Ndinati nanga bwanji osangokhala chete, chitsiru iwe? Akuti, "Khungu ndilandira, ndilibe kuchitira mwina. Koma nambala 58, ine ndili moyo, ayi."

Anati zikomo. Chidziwirane sanayambe wandiuzapo mawu amenewa. Ndinamuthamangitsa, mabanzi ndinasunga.

Masana Gladys, kudzapepesa. Ndinamukalipira mpaka ndinatsokomola. Iye akuti, "Ifetu timafuna kumusangalatsa, ndi maso akewo." Ine kukamwa yasa. Akudziwa! Onse akudziwa, kuyambira pa Khirisimasi, pamene Seymour anapatsa moni mtengo wa m'mphika wa pafupi ndi chikepe n'kuufunsa za mdzukulu. Ine kusenza chinsinsi ngati thumba la simenti, kumeneko chili pakamwa pa aliyense.

Ndinamukhazika pansi n'kumuwerengetsa masabata pa zala. Asanafike patali nkhope inagwa. "Mayo ine, Loretta, tamupha ndi chikondi." Holo yodzaza nkhalamba, aphunzitsi alimo, owerengera chuma alimo, palibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira kuti nambala wani ndiyo yomaliza. Tinaseka mpaka misozi, kaya inali misozi ya chiyani.

Tinapita kwa a Wendell. Akuti apilo ina pa filimu yomweyo siloledwa mpaka patatha miyezi itatu, ndime yakutiyakuti. Ndinati miyezi itatu tilibe. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwapukutanso. Kenako akuti, "Zimbalezi zimafanana kwambiri. Ndi ukalambawu, nthawi zina ndimasokoneza mabokosi. Ndipo lamulo likuti filimu ikayamba siimitsidwa."

Ndinawapsompsona padazi. Anafiira mpaka m'makutu.

Lolemba, 23 Januwale

Laibulale m'mawa. Chimbale chili m'chikwama, pansi pa mpango. Ndikuyenda ngati ndaba nkhuku. Ndinakumana ndi Seymour m'chikepe, anandifunsa chimene ndakhalira chete. Ndinati dzino.

Gladys wazungulira makomo onse. Aliyense walangizidwa kupita kuchimbudzi filimu isanayambe. Mbuliwuli ndagula yambiri, ya mchere wochepa chifukwa cha a mitima.

Seymour akapsa mtima n'kutuluka? Amatha kutero ameneyu. Ndikuopa.

Lachiwiri, 24 Januwale

Ndinakhala ndi Seymour kutsogolo. A Wendell, nkhope ngati ya wansembe: "Nambala 58." Magetsi kuzima.

Nyimbo itangoyamba anadzambatuka. "Wendell! Si imeneyitu!" A Wendell kumbuyo kuja, "Kalanga ine, ndasokoneza mabokosi. Pepani nonse. Koma yayamba." Iye anaimabe chilili, kutembenukira uku ndi uku. Ndiye mmodzi wa apachibale aja akuti, "Takhala pansi, Seymour, ukutitchinga!" Holo yonse kuvomereza, ena ndi ndodo. Anakhala. Anandinong'oneza kuti, "Zigawenga. Nonsenu."

Mutu anaupendeketsa ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, kuti aonere m'mbali mwa diso. Chipululu anachiona. Lole anaiona. Nyumba itatulukira paphiri, yadzaza chinsalu chonse, ndinamumva akupuma mozama. Ndinati Ambuye zikomo, tafika nthawi yake.

Koma nkhope ya mkazi uja itabwera pafupi, anandikoka malaya. "Nkhope zapita kale, Loretta. Tandiuza, akutani?"

Pasaka sinafike n'komwe.

Ndinayamba kumunong'oneza. Wayang'ana pansi. Waluma mlomo. Akufuna kuseka koma mlamu wake asaone. Kuti ndisamunamize ndinayenera kumuyang'anitsitsa mkaziyo, ndipo ndinene pano pokha, m'maso mwake mumachitika zambiri. Ndinanong'ona mpaka kumapeto, palibe anandiletsa, ngakhale Gladys amene amadana ndi olankhula mufilimu. Pamlatho, chingwe chitaduka, nyumba itapendekekera kumadzi, mawu anandithawa. Iye ndiye anandigwira mkono n'kuti, "Usaope, siigwa."

Magetsi kuyaka. Mphuno zonse zofiira. A Wendell akuti alemba m'buku kuti panachitika ngozi.

Seymour anapukuta kumaso ndi mpango wanga, osapempha. Akuti, "Nanga? Nambala?" Ndinati mwina 9. "Sabata yatha umati 58." Ndinati usandipanikize, 9 ndi ulemu kale. Akuti tikumana pa apilo.

Anthu atayamba kutuluka iye sanadzuke. Anasisita mpando umene ndinakhalapo. "Mpando uwu ndi wako mpaka zonse zithe. Pakamwa pakopo papeza ntchito. Usafe, wamva?"

Ndati ndiyesetsa.

Pakhosi pakuyaka. Mawa ndikagule maswiti a pakhosi, mapaketi ambiri.