Kope la Chingerezi la Alendo Athu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kamtsikana kaja chifuwa chinakasiya? Kuno amayi ali bwino, kupatula bondo lija limene limawauza za mvula a wailesi asananene. Ine ndilipo, ndipo pakamwa panga sipanasinthe.

Alendo athu aja akugonabe m'chipinda chakumbuyo, chija tinkasungamo njinga. Inu mumati bambo, ine ndimati alendo. Munthu wochoka ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri n'kudzabwera ndili ndi zaka makumi awiri, dzina lina ndilibe.

Nkhani ndi iyi. Kumene amalondera kuja, kosungira katundu, kwabwera mabwana atsopano. Akuti mlonda aliyense azilemba m'buku la pageti zonse zimene zachitika, m'Chingerezi, ndipo wolephera mayeso kumapeto kwa mwezi uno abweze yunifolomu. Ndiye Loweruka masana alonda onse, ena imvi mbuu, amakapanikizana pa timipando ta ana pamaso pa mphunzitsi wamayi amene anamupatsa dzina loti Amotani.

Dzinalo analipeza chifukwa salola chiganizo kutha msanga. Akuti chiganizo cha mlonda chimaima pa miyendo itatu: ndani, anatani, motani. Ukalemba kuti lole inalowa, amagogoda tebulo ndi choko n'kufunsa kuti inalowa motani, mothamanga kapena pang'onopang'ono.

Ali ndi malamulo enanso awiri. Ntchito ya kunyumba ikhale ziganizo khumi za zinthu zimene zinakuchitikiradi, chifukwa mlonda wozolowera kupeka m'kope adzapekanso m'buku la pageti. Kenako wina wa pakhomo wodziwa Chingerezi achonge, asaine, ndipo tsamba lomaliza alembepo ubale wake ndi mwini kope. Popanda zimenezo palibe mayeso.

Nanga pakhomo pano anafika fomu folo ndani? Amayi anangoika kope ndi cholembera chofiira pafupi ndi tiyi wanga n'kutuluka ngati aitanidwa panja.

Ndinavomera, koma osati chifukwa cha chisoni. Ndinkafuna kuona zimene zimayenda m'mutu umene uja. Komanso ndisaname, kukhwatcha alendo ndi inki yofiira kumakoma.

Sabata yoyamba ziganizo zawo zinali za kuntchito. "The dog barked loudly." "I closed the gate carefully." Zinayi ndinakhwatcha chifukwa anazilemba ngati zikuchitika lero. Anazibwereza katatu atakhala pakhonde, magalasi pamphuno, lilime panja ngati mwana wa sitandade wani.

Sabata yachiwiri za pageti zinawathera, anayamba kufukula zakale. Anakwatira mosangalala. Mwana woyamba anabadwa msanga. Wachiwiri analira mosalekeza, ameneyo ndine, ndipo ndinachonga osatsutsa. Ndinapezeka ndikudikira kopelo mmene amayi amadikirira sewero la pawailesi.

Lachitatu lapitali ndinapeza tsamba la tsiku lija.

Achemwali, mukukumbukira zimene munkandiuza pondiluka tsitsi? Kuti anachoka mozemba ife tili kusukulu, osatsanzika ngakhale mphaka. Nkhani imeneyo ndakula nayo, ndaiuza anzanga, ndaiuza ngakhale mnyamata uja ankandifuna, pomufotokozera chifukwa chake sindikhulupirira amuna oyenda ndi zikwama.

Kope likunena zina. Ndikuikirani zingapo m'Chichewa kuti musanamizire kuiwala Chingerezi. Mkazi wanga anakhala chete m'chipinda. Mwana wanga wamkulu anasita malaya anga mosamala. Analongedza chikwama changa mwakachetechete. Anandiperekeza ku basi pang'onopang'ono. Anandipempha mwaulemu kuti ndisabwerenso.

Chomaliza chili ndi miyendo iwiri yokha. Analemba kuti "I obeyed", ndinamvera, ndipo pa motani anangosiya mpata.

Ndinakhwatcha tsamba lonse kuchokera pakona kukafika pakona, n'kulembapo BODZA m'zilembo zazikulu. Ndinapita nalo pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ndinawayankhula maso ndi maso. Ndinawauza kuti Amotani anati zoona zokhazokha, ndipo ngati akufuna kupeka akapeke za galu, osati za mkulu wanga.

Anayang'ana tsambalo. Kenako anavula magalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Chingerezicho ukhwatche, mwana wanga, wodziwa ndiwe. Koma zinachitikazo usakhwatche."

Ndinawafunsa chimene mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri angathamangitsire bambo ake omubala. Anati chiganizo chimenecho anayesa kuchilemba, mawu ake onse akuwadziwa, koma dzanja linakana. Ndinapita kwa amayi kukhitchini. Iwo anayamba za bondo. Nditaumirira, anati ndikafunse amene anasita malaya.

Chiyambireni Lachitatu mutu wanga wakhala ukutola tinthu timene ndinataya kalekale. Tsiku lija inu simunapite kusukulu, munati mutu. Nditaweruka ndinapsa chala pa simbi, inali ikadali yotentha, ndipo munandikalipira kuposa mmene chalacho chinkawawira. Sabata yonse imeneyo amayi anamanga duku motsitsa mbali imodzi, mpaka kuphimba diso. Ine ndinkaseka, ndinkati ndi fasho yatsopano.

Sindine wopusa, ndikuona kumene tinthuti tikuloza. Koma sindikufuna kulota ndekha. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikudana ndi munthu chifukwa chothawa, pamene mwina sanathawe. Mwina mlandu wake ndi wina, waukulu kuposa umenewo. Ngati ndi choncho, ndikufuna ndimukwiyire pa mlandu weniweniwo, osati umene munandisokera kuti undikwane ndili mwana.

Inunso ndakukwiyirani, ndisabise. Koma ndikaganiza za inu pa msinkhu umene uja, mutagwira simbi, mukusita malaya a munthu amene mukumutulutsa m'nyumba, mkwiyo umasowa pogwira. Munasitiranji? Funso limenelo ndi limene likundivuta kuposa onse.

Tsambalo ndinalikopera bwinobwino patsamba lina, ndipo ndinachonga zonse kupatula chomaliza chija. Ndasainanso. Yunifolomu ya munthu sindingamuvule ine, ndipo Chingerezi chawo, ndivomere, chayera. Koma mzere wa ubale uja ndausiya wopanda kanthu. Ndinapita ndekha kwa Amotani kukafunsa ngati kulemba kuti "wokhala nawo nyumba imodzi" n'kololedwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti lamulo la zoona zokhazokha limagwiranso ochonga. Andipatsa mpaka Loweruka la mayeso.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tengani pepala, mundilembere ziganizo khumi za tsiku limene lija ndi dzulo lake. M'Chichewa momwemo, sindichonga ndi chofiira. Musandiimbire foni, pafoni mumathawira kwa ana. Ndikawerenga ndidzadziwa choti ndilembe pa mzere uja, ndipo chimene ndidzalembe ndi chimene ndizidzawaitana.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akupereka moni. Alendo nawonso anati ndipereke, ndiye ndapereka. Mulungu akusungeni, akupatseninso mphamvu m'dzanja.

Ndani, anatani, motani. Mwendo wachitatuwo musausiye, achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati Kamlomo