Nyale ya pa Nambala 31

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Msana uja ukuti bwanji masiku ano? Mng'ono wanga anandiuza kuti mwayambiranso kukhala pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngati kuti adokotala aja ankalankhula ndi khoma. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chandisiya.

Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatu ndinaseka ndekha, chifukwa dzanja ndi lanu koma mpweya wake ndi wa Amalume. Ndikudziwa kuti anakuimbirani foni n'kukuuzani kuti ndachita mwano kuntchito, kuti ndawachititsa manyazi iwo amene anandipezera malo, ndiponso kuti ndikapanda kupepesa andichotsa. Zoti angandichotse ndi zoona. Chikalata changa chokhalira kuno chinamangirizidwa ku ntchito imeneyi, ndiye ikatha, mwezi wamawa mundiona ndikutsika basi ndi chikwama changa. Koma Amalume anayambira nkhaniyi kumapeto. Ndiloleni ndiiyambe poyambira pake, kenako muweruze nokha.

Anthu akakufunsani mumati mwana wanu amayatsa magetsi, ndipo simulakwa. Kungoti m'nyumba ya zisudzo muno nyale zilipo zoposa makumi asanu ndi limodzi, zopachikidwa pa zitsulo kudenga ndi m'mbali mwa siteji, ndipo zonse zimamvera kompyuta imodzi imene ili kumbuyo kwa anthu oonera. Kusintha kulikonse kwa kuwala kuli ndi nambala yake. Sewero likamayenda ine ndimadina batani, nambala imapita patsogolo, chipinda chimasanduka msewu. Koma wosankha kuti iyake nyale iti, ya mtundu wanji, si ine. Ndi abwana anga, amene tonse timawatchula kuti a Chipewa chifukwa palibe amene anawaonapo pamutu.

A Chipewa ntchito amaidziwa, sindingawanamizire. Kuwala konse amakukonzeratu pa kompyuta akalipentala asanakhome ngakhale msomali umodzi. Pa sikirini pamaoneka kasiteji kakang'ono, ndi tizidole toimira osewera. Tizidole timeneti tonse n'toyera ngati choko, moti mtundu uliwonse umene mungatithire timawala bwinobwino.

Sewero limene tikuonetsa panopa lili ndi mayi wina amene amasewera ngati mkazi wamasiye, ndiye timangowatchula kuti a Namfedwa. Ndi munthu wamkulu, wasewera zaka zoposa makumi awiri, ndipo khungu lawo ndi lakuda bii, monga linalili la Amayi. Pa nambala 31 amaima okha pakati pa siteji atagwira jekete la malemu amuna awo, osalankhula kanthu kwa mphindi yathunthu. Sewero lonse lagona pa nkhope yawo nthawi imeneyo. A Chipewa anathirapo kuwala kwa buluu kochokera kudenga. Pa sikirini zinali zokongola zedi. Pasiteji pankaoneka jekete ndi mpango woyera, nkhope osaoneka.

Ndinawauza kawiri, mwaulemu, monga munandilerera. Koyamba anangondilozera sikirini kuti ndione ndekha mmene zakongolera. Kachiwiri anati maso a anthu adzazolowera, ndipo anandikumbutsa kuti anandilemba kuti ndizidina batani, zoganiza ndiwasiyire iwo. Ndinawapempha kuti akangokhala pa mzere wachikhumi kwa mphindi imodzi yokha, aone ndi maso awo. Anati alibe nthawi yoyendayenda.

Bambo, inu muli ndi chidole chija cha pakhonde la shopu, chovekapo majekete. Kodi munayamba mwasokapo suti ya munthu poyeza chidolecho, mwini wake ali chilili pakhomo? Mukadatero akadakubwezerani tsiku lomwelo, ndipo mukadavomereza kuti wolakwa ndinu.

Komabe mwina ndikadangokhala chete pakadapanda zimene ndinaona tsiku lina masana. Ndinalowa m'chipinda chovalira kukatenga nthambo, ndipo ndinapeza a Namfedwa ali pa kalilole akudzipaka paudala woyera kumaso, wambiri, mpaka nkhope kuchita kutuwa ngati adwala. Nditafunsa anaseka. Anati akhala akuchita zimenezi kuyambira ali mtsikana, m'nyumba iliyonse ya zisudzo imene analowamo, apo ayi anthu akumbuyo amangoona mano okha. Ananena zimenezi opanda mkwiyo uliwonse, uku akupitiriza kudzipaka. Kupanda mkwiyo kumeneko ndi kumene kunandipweteka. Nkhomaliro sindinadye tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinalawirira anthu asanafike. Panali kanyale kamodzi ka m'mbali kamene kankangokhala osagwira ntchito. Ndinakatembenuzira pamene amaima a Namfedwa, ndinakapatsa kuwala kofiirira pang'ono, n'kukalowetsa pa nambala 31 mu kompyuta. Kuwala kwa buluu kwa a Chipewa sindinakukhudze ngakhale pang'ono. Pokonzekera sewero masana amenewo, nditadina batani, nkhope inatuluka yonse: mphumi, masaya, ngakhale kunjenjemera kwa milomo. Ine mtima unangoti myaa.

Apa tsopano muzisekako pang'ono. A Chipewa ataona kanyale kakuyaka kosaitanidwa, sanaganize n'komwe kuti pali dzanja la munthu. Anati pulogalamu yapenga. Anatenga fulashi yawo, kachipangizo kamene amasungiramo ntchito yawo yonse, n'kubwezeretsa zonse mwakale. M'mawa ine ndinakabwezeranso. Tsiku lachiwiri anati vuto ndi nthambo, ndipo anandituma ineyo kuti ndiisinthe. Ndinaisintha ndithu, nkhope ili gwa, mamita makumi atatu a nthambo yopanda mlandu. Tsiku lachitatu anafufuta pulogalamu yonse n'kuiikamo mwatsopano, tiyi wawo mpaka kuzizira patebulo. Masiku onsewa maso awo anali pa sikirini. Akadangodzutsa mutu kamodzi n'kuyang'ana chimene kanyaleko kankaunika, nkhani ikadathera pomwepo.

Tsiku lachinayi anaitana mmisiri wa kumene anagula kompyutayo. Bambo wa anthu anafika ndi chikwama chake cha zipangizo, anatsegula apa, anayesa apo, thukuta lili kamukamu, osapeza kanthu. A Chipewa anayamba kumukalipira pamaso pa anthu onse kuti amagulitsa zinthu zowola, ndipo anati aimbira mabwana ake kuti amuchotse. Pamenepo masewera anandithera. Ndinaimirira n'kunena kuti kompyuta ilibe vuto, nthambo ilibe vuto, mmisiri alibe vuto, amene wakhala akuyatsa kanyaleko ndine.

M'foni mwanga munali zithunzi ziwiri zimene ndinajambula ndili pa mzere wachikhumi, china kanyale kali kozima, china kali koyaka. A Chipewa anakana kuziona. A Namfedwa ndi amene anatsika pasiteji n'kutenga foniyo m'manja mwanga. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati wachiwiriyo analidi iwo. Ndinavomera. Analowa m'chipinda chovalira, tinamva mpopi ukutuluka madzi, ndipo pobwera anali atasukusula paudala yense.

Za chilango Amalume anakuuzani zoona. A manijala, amene ndi mkulu wa nyumba yonseyi, anandichotsa pa kompyuta n'kunditumiza kuchipinda chosungira katundu. Panopa ndimakulunga nthambo ndi kupukuta fumbi pa magalasi a nyale. Kompyuta anaitseka ndi nambala yachinsinsi, kanyale kaja anakatsitsa, ndipo kali pa shelefu moyang'anizana nane. Anandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi kuti ndilembe kalata yovomereza kuti ndinaononga ntchito ya a Chipewa. Amalume anabwera Lamlungu kalatayo atailemba kale okha, ndi cholembera chomwe, kuti ine ndingosaina. Ndinawaphikira tiyi, ndinawaperekeza mpaka pokwerera basi, kalata yawo inabwerera m'thumba mwawo momwe inabwerera.

Musaganize kuti sindidziwa kupepesa. Mmisiri uja ndinamulondola mpaka kushopu kwawo n'kumupepesa pamaso pa anzake, chifukwa anatukwanidwa pa mlandu wanga. A Chipewa nawonso ndinawauza kuti kuchita zinthu mozemba kunali kulakwa, ndipo masiku awo anayi ndinawatayitsa ndine. Zimenezo ndikhoza kulemba ndi kusaina ngakhale lero. Koma zoti kuunika nkhope ya mayi uja kunali kuononga, zimenezo sindilemba, Bambo. Ngakhale mutabwera nokha kudzandigwira dzanja monga munkachitira pondiphunzitsa kulemba, cholembera sichiyenda.

Loweruka masana tinaonetsa seweroli kwa anthu koyamba. A Namfedwa akana kudzipakanso paudala, ndipo palibe amene angawakakamize, poti dzina lawo ndi limene limadzaza mipando. Ine ndinaonera pa kampata ka chitseko. Itafika nambala 31, anthu anayang'ana jekete kwa mphindi yathunthu. Ena anayamba kutsokomola, ena kusuntha m'mipando. Sewero litatha, a manijala, amene anakhala pakati pa oonera, anabwera kuchipinda changa cha katundu kudzafunsa ngati pali nyale imene yapsa, chifukwa pamalo ena sanaone kanthu. Ndinawayankha kuti nyale zonse zili bwino, ndipo zinayaka ndendende monga kompyuta inazilamulira. Anaima pakhomo kanthawi, anayang'ana kanyale ka pa shelefu, kenako anati tidzakumana tonse tsiku lomaliza la mwezi, ndipo ndidzabwere ndi zonena zanga. Mmene zidzathere sindikudziwa. A Chipewa akhala pano zaka khumi ndi zisanu, ine chaka chimodzi ndi theka.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Munditumizire chithunzi cha Amayi, chija chili pa msomali pamwamba pa makina anu. Alamu anga oyendetsa lole adutsa kuno sabata ziwiri zikubwerazi. Muchiike pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike.

Mukudziwa chifukwa chake, ngakhale m'nyumba mwathu sitinachitchulepo. Diresi loyera lija munasoka ndinu, ndipo pachithunzipo likuoneka lonse, mpaka mabatani asanu ndi limodzi ndi kamzere ka ulusi pakhosi. Wojambula uja anayezera kuwala kwake pa diresi. Pamene payenera kukhala nkhope ya Amayi pali mdima wokhawokha. Ndili mwana ndinkakwera pa mpando wanu kuti ndichiyandikire, poganiza kuti vuto ndi kufupika kwanga.

Chaka chatha mng'ono wanga anachijambula ndi foni n'kunditumizira. Ndinachilowetsa mu kompyuta ya kuntchito kuno, imene imatha kusandutsa usiku kukhala usana, ndinakweza kuwala mpaka kumapeto. Panangotuluka timadontho totuwa. Ndinafunsa wodziwa za zithunzi, ndipo anandiuza kuti chimene kuwala sikunagwire tsiku lojambulalo palibe makina amene angachibweze. Ndinalira, Bambo, kuntchito komweko, ndipo sindinakuuzeni.

Chithunzi chimenecho ndidzachiika patebulo pa msonkhano uja. Sindidzalankhula zambiri. Ndidzangowapempha a Chipewa kuti andiuze mmene Amayi anga ankaonekera. Akandisunga, kanyale kabwerere pamalo pake. Akandichotsa, chithunzicho ndibwera nacho ndekha n'kuchipachika pa msomali wake, ndipo mundipatse mpando pafupi ndi makina, poti kusoka mabatani sindinaiwale. Njala sitifa nayo.

Ndikudziwa kuti mantha anu ndi achikondi, ndipo sindikukunyozani. Koma inu mukatseka maso mumawaona Amayi. Ine ndayamba kuwasokoneza ndi Azakhali. Mng'ono wanga anali ndi zaka ziwiri zokha pamene Amayi anatisiya, ndiye alibe n'choti aiwale chomwe.

Mundiperekere moni kwa Azakhali ndi ana awo onse, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa alamu anga, muwauze kuti chithunzicho asachiike pafupi ndi mafuta a galimoto. Amalume musawakalipire, ndiwaona ndekha Lamlungu. Inu muzipumitsa msana umenewo. Mng'ono wanga mumupatse moni wapadera, ndipo mumuuze kuti mphumi ndi maso akewo ndi a Amayi enieni. Akafuna umboni, mumupatse kalilole, poti chithunzi sichingamuthandize.

Ndine mwana wanu wachisamba,
uja mumati Nkhutukumve.