Kabotolo ka M'kamisolo

Mwanza pa Boma,
Lachiwiri, 17 Juni.

Okondedwa achimwene a Langton,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija munkadandaula chinasiya? Akuti kumeneko chisanu chake n'choluma, muzifunda. Kuno tilipo. Manachesi abereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo ndikumagulitsa pamalire monga mwa masiku onse. Amayi miyendo ndi yomwe ija.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni mumandidula pakamwa, achimwene, koma pepala simungalidule. Ndapatsira a Zakeyu, adalaivala a thiraki aja, pamodzi ndi kaphukusi. Muyambe mwawerenga musanamasule.

Nkhani ndi ya mng'ono wanu Stafford. Ndiyambira poyamba penipeni, chifukwa inu munazimva pafoni, ine ndinaziona ndi maso.

Chamba anachiyamba akuthamangitsa mapepala a mathiraki pamalire paja. Kenako anayamba kumva mawu, n'kumati wailesi ikumunena. Tsiku lomwe anaiswa ndi mpini ana akuona, akuchikazi ku Kanduku anamulongedzera zovala, ndipo anadzafikira kwa ine. A Petro, amalume a mkazi wake Patricia, amene ndi ankhoswe a kuchikazi, sanachulutse zonena. Anati abwere ndi pepala la kuchipatala losonyeza kuti watha miyezi inayi osasuta, apo ayi banja latha.

Nthawi yomweyo n'kuti kuchipatala kutabwera anthu a kafukufuku aja. Anamwino awo, a Kulsumu, anatikhazika pansi n'kutifotokozera bwinobwino. Anati akufuna aone ngati kuchiza zonse ziwiri limodzi, mapiritsi a matenda a maganizo ndi uphungu wosiyira chamba, kungathandize anthu ngati Stafford. Anati milungu iwiri iliyonse aziyeza mkodzo wake. Anabwereza kawiri kuti akapezeka atasuta sadzamuthamangitsa, iwo chomwe akufuna n'choona basi. Ine ndinasaina ngati womuyang'anira.

Mwezi woyamba anayesetsa ndithu. Wachiwiri ndinapeza zotsalira za chamba kuseri kwa bafa, ndipo ndinakuimbirani ndikulira.

Mukukumbukira zomwe munandiyankha? Munaseka. Munati kuntchito kwanuko zimenezo anyamata sizimawavuta, munthu amangotenga mkodzo wa mnzake. Munati inu monga nkhoswe simungachite manyazi pamaso pa a Petro chifukwa cha kapepala. Mpaka munandiphunzitsa kuti uzikhala wofunda kuti asadabwe.

Ndinamvera, achimwene. Ine Liness, mayi wa ana anayi, wa Chigwirizano wovala zoyera Lachinayi, ndimalowa m'chimbudzi m'mawa ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ndikadzaza ndimakabisa m'kamisolo kuti kasazizire, n'kukwera kabaza. Tikafika ndimakapatsira Stafford kuseri kwa mpanda, iye n'kukalowa nako kukathira m'kachitini kawo. Ndachita zimenezi kasanu ndi kamodzi.

Ulendo wina chitsekerero cha kabotolo chinamasuka pa mabampu. Ndinamva kufunda kukutsika pamimba mpaka pachitenje. Tsiku limenelo ndinakhala pamalire kugulitsa manachesi ndikununkha ngati mphasa ya mwana, ndipo mayi wina wogula anatseka mphuno n'kufunsa ngati pafupi pali ngalande. Ndinasamba katatu, koma fungolo ndimalimvabe mpaka lero ndikamavala.

Zikanathera pa fungo sindikanakuvutitsani.

Stafford ataona kuti pali womukodzera, anasiyiratu kudzigwira. Ankasuta m'mawa, masana, mpaka pakhonde penipeni. Mawu aja anabwerera. Anayamba kutseka mawindo ndi makatoni, akuti a kasitomu akumuzonda.

A Kulsumu ndi adokotala awo anayang'ana m'mabuku. Mkodzo woyera, munthu akudwala. Nanga akanaganiza chiyani? Anati ndiye kuti mapiritsi akuchepa mphamvu, n'kuwonjezera. Patatha milungu itatu anawonjezeranso. Ine ndinali pomwepo, manja pamiyendo, pakamwa nditatseka.

Mukanamuona lero mng'ono wanu uja ankathamanga kuposa thiraki. Khosi laumirira, potembenuka amatembenuka thupi lonse. Manja akunjenjemera moti tiyi amathera pa malaya. Lilime lalemera, dovu limangotsika, ndipo ndimamupukuta ndi nsanza kangapo pa tsiku. Ndisakunamizeni, ndimanyansidwa. Ndikamachapa nsanzazo nseru imandigwira, kenako ndimakumbukira kuti dovulo ndalibweretsa ndine, ndiye nseru imabwera ina yoposa.

Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi sabata yatha. A Kulsumu anandigwira dzanja pamaso pa anthu ena oyang'anira odwala, n'kunena kuti atengere chitsanzo kwa ine. Akuti mwa anthu onse a m'kafukufuku, Stafford yekha ndi amene sanaterereke ngakhale kamodzi. Anthu anaomba m'manja. Kabotolo kali m'kamisolo, kopanda kanthu, kakundikanda pakhungu.

Anawonjezera kuti zomwe akuphunzira pa Stafford zidzathandiza posankha mankhwala a odwala ena ambiri. Tangoganizani, achimwene. Mkodzo wa mayi wogulitsa manachesi walowa m'mabuku a anthu ophunzira, ndipo mawa mwana wa wina adzamwetsedwa mapiritsi potengera ine, munthu woti ngakhale ndudu sindinaigwirepo.

Dzulo ndinkamupukuta pakhonde. Anandigwira dzanja, n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono ndi lilime lake lolemeralo. Anandifunsa kuti kodi wodwala ndani pakhomo pano, chifukwa kuchipatala akuyeza ine koma mankhwala akumwa iye. Kenako anati watopa, ndikawauze.

Paja amati wamisala anaona nkhondo. Pa anthu atatufe, wanzeru wake ndi amene akutuluka dovuyu.

Musaganize kuti ndikukuunjikirani nokha. Inu munapereka nzeru, koma ine sindinakane, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinatopa naye. Ndinkafuna achoke pakhomo panga, abwerere kwa mkazi wake, ana anga agonenso m'chipinda chawo. Tinkati tikupulumutsa banja, chikhalirecho ndinkafuna kutula katundu pakhomo pa Patricia. Ndipo tikanamubwezera munthu wosuta yemwe uja, woswa zinthu ndi mpini ana akuona, tili ndi pepala lachidindo m'manja. Ndikaganiza zimenezi ndimadziona ngati chinthu chowola.

Tsopano zili chonchi. Lachinayi lino miyezi inayi ikukwana, ndipo a Kulsumu ati adzatipatsa pepala lija. Tsiku lomwelo adokotala akufuna kuona zomusinthira mankhwala n'kuyamba jakisoni, zikakanikabe amutumize ku Zomba. Loweruka a Petro akudikira ku Kanduku, ndipo ndamva kuti Patricia wazira kale nyumba.

Pepalalo sindilandira. Lachinayi ndikupita ndi Stafford chimanjamanja, akapereke mkodzo wakewake, ndipo ndikawauza a Kulsumu zonse kuyambira tsiku loyamba, ndi masiku ake omwe, kuti akafufute zabodza m'mabuku mwawo. Kaya akandilalatira, kaya akandichotsa pa uyang'aniri, n'zondiyenera. Koma mankhwala azimupatsa poona thupi lake.

Ndikudziwa kuti banja likhoza kuthera pomwepa. A Petro si munthu wobweza mawu, ndipo ana aja mwina akulira kutali ndi bambo awo. Usaone ngati sizikundipweteka. Pepani, ndalemba "usaone", ndi mkwiyo, koma sindifufuta.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikufikani Lachisanu, zanga nditachita kale, choncho musataye nthawi kundiimbira kuti ndisinthe maganizo. Imbirani a Petro. Inu ndinu nkhoswe, muwauze ndi pakamwa panu kuti mng'ono wanu sanasiye, kuti akudwala, ndiponso kuti ife akuluakulu ake tinafuna kuwanamiza. Muwapemphe miyezi ina inayi yoona. Mukapanda kuimba, Loweruka ndikwera kabaza ndikanene ndekha, ndipo dzina lanu sindidzalibisa. Chibale ndi fupa, n'zoona, koma nayenso Stafford ndi fupa lomwelo.

Tsopano masulani kaphukusi kaja. Muli manachesi khumi, a ana. Pansi pake pali kabotolo. Ndakatsuka ndi sopo kawiri, musaope. Ndakabweza kwa mwini nzeru, mukaike pomwe muzikaona m'mawa uliwonse.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Caleb ndi kwa Vitu. Amayi akupereka moni, sakudziwa chilichonse. Stafford ndamuwerengera kalata yonseyi, ndipo wati ndisachotsemo kanthu. Wayesa kusaina m'munsimu, koma dzanja lakana, ndiye mzere wokhotawo ndi wake.

Mulungu akusungeni, ndipo atikhululukire tonse awiri.

Ndine mchemwali wanu,
Liness